Bulangete la Timfundo

Kawale, Lilongwe
12 Novembala 2023

Mng'ono wanga Tina,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu anga a Latifu ndi apongozi ako, Mayi Saida. Kuno tilipo, kungoti dzuwa latiwamba ndipo madzi a pampopi akubwera akafuna okha.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni sitimvana. Foniyo ndi ya amuna ako, imakhalira kunyanja, ndipo ikabwera kumtunda apongozi ako amakhala ali pakhonde pomwepo, iwe n'kumangoti "eya, eya" ngati ukuyankha mlandu. Mayi Zahra ogulitsa usipa aja amabwera kuno kawiri pamwezi, avomera kumatinyamulira makalata.

Ndamva zimene anakuuza anamwino kusikelo, kuti miyezi inayi yakwana ndipo usalime, usasinje, usasenze ndowa. Uwamvere. Unapita padera kawiri, tinalira mokwanira. Koma ndinakulera ndekha mayi atamwalira, ndimakudziwa. Ukangokhala osagwira kanthu, maganizo ako amathamangira kumanda. Ndiye ndakutumizira ntchito ya manja.

M'katundumo muli mipukutu isanu ndi umodzi ya ulusi wa wulu wachikasu ndi singano ziwiri zolukira. Ulukire mwana bulangete. Usandiuze kuti sudziwa. Inenso ndinaphunzira chaka chatha kwa amayi a kutchalitchi, ndi manja anga ouma ndi sopo awa.

Uyambe ndi kukoloweka ulusi pa singano imodzi monga ndajambulira kuseri kwa pepalali. Kokoloweka kalikonse timati diso, ngati maso a ukonde. Uike maso 91. Diso loyamba uluke ulusi uli kumbuyo kwa singano, lachiwiri uubweretse kutsogolo, lachitatu kumbuyo, choncho mpaka mzere uthe. Ukatembenuza uyambenso chimodzimodzi. Palibe china. Ikatha mizere ingapo uona timfundo tating'ono titatuluka mbali zonse ziwiri, ngati mpunga woyanika pamphasa. Timfundoto ndi timene timasunga kutentha, komanso bulangete lotero silipindika m'mphepete. Usamakoke ulusi mwamphamvu. Ukalakwitsa masula mzerewo n'kuyambanso, palibe wapolisi adzakumange.

Undiuze zonse, ngakhale zimene ukuona ngati n'zazing'ono. Ukudya? Ukugona? Wayamba kugunda?

Ndine mkulu wako,
Eva

*

Mwadzama, Nkhotakota
29 Novembala 2023

Achemwali,

Moni wochuluka. Katundu wafika bwino, zikomo kwambiri. Ndikudya, ndikugona, ndipo Lamlungu lapitali ndinamva kanthu kakugwedezeka m'mimba ngati kansomba m'beseni. Sindinauze wina aliyense koma a Latifu ndi inu.

Kulukako kunandizunza masiku atatu. Maso anu 91 aja anaswana, anafika 97, bulangete n'kuyamba kutambasuka ngati chipsepse cha kampango. A Latifu anaseka mpaka kukhosomola, kenako anatenga n'kuwerenga monga amawerengera ukonde. Anandionetsa pamene ndinaiwala kubweza ulusi kumbuyo. Ndinamasula n'kuyambanso. Tsopano timfundo tija tatuluka, ndipo ndikatisisita mtima umakhala pansi.

Koma pali nkhani. Masiku oyambawo apongozi anali kudambo kufesa mpunga, sanaone kanthu. Lachisanu anabwera msanga, anandipeza pansi pa mtengo wa mango ndikuluka. Anaima. Khasu linawagwa m'manja.

Anati, "Ukuchita chiyani?"

Ndinati, "Ndikulukira mwana bulangete, amayi."

"Mwana uti? Wamuona?"

Anatenga bulangete lija n'kuyendetsa chala pa timfundo, kamodzikamodzi. Anati, "Munthu wapakati samanga mfundo. Ukudzimanga wekha. Tsiku lako likadzafika, njira idzakhala yotseka. Ndipo mlendo sitimuyalira mphasa asanati odi."

Ndinati, "Amayi, izi si mfundo zenizeni, mukakoka ulusi zimamasuka zonse." Analiika pamiyendo panga n'kulowa m'nyumba, tsiku limenelo sanadye.

Achemwali, ine zimenezi sindizikhulupirira. Aja awiri ndinawataya ndisanamange ngakhale mfundo imodzi. Komabe chiyambire Lachisanu, singano ikalowa m'diso ndimamva mawu awo. Ndisiye? Ndikasiya ndibwerera kokhala pakhonde n'kumawerenga masiku, ndipo kumeneko ndiye kumandiopsa kuposa.

Mundiyankhe msanga.

Mng'ono wanu,
Tina

*

Kawale
11 Disembala 2023

Tina,

Moni. Ndasangalala ndi za kansomba kako, Mulungu akasunge.

Za apongozi akozo usazimvere. Kuno azimayi amaluka mpaka tsiku lochira, ana n'kubadwa onenepa. Ulusi wa m'sitolo ungatseke bwanji njira ya mwana?

Ndikuuze zoona, popeza iwe umaona munthu aliyense ngati mngelo. Mayi amenewo sanakufune chiyambire. Paukwati wako anakhala ndwii ngati ali pamaliro, ndinawaona ndi maso angawa. Ankafuna mtsikana wa kumzikiti, ndiye anapeza iwe wa ku Angilikani. Tsopano akukonza pothawira, kuti chikachitika china adzati wadzipha wekha ndi zinthu za achemwali ako a kutauni. Uli pachitengwa, inde, koma si kuti unagulidwa.

Luka. Ukafika pothera mpukutu, ulumikize ulusi watsopano m'mphepete, osati pakati pa mzere.

Eva

*

Mwadzama
9 Januwale 2024

Achemwali,

Moni wa chaka chatsopano. Pepani ndachedwa kuyankha, Mayi Zahra anadwala malungo.

Singano zanu zasowa. Bulangete linali litafika mkono umodzi. Tsiku lotsatira Khirisimasi ndinapita kubafa, pobwera ndinalipeza pamkeka pomwe ndinalisiya, koma singano zitasololedwa, maso onse ali pululu. Sanamasule mzere ngakhale umodzi, anangochotsa singano basi. Ndinalira ngati mwana. Nditawafunsa apongozi anati, "Ine sindikangana ndi munthu wapakati," n'kupitiriza kupeta.

Patapita masiku awiri a Latifu anabwera ndi masipoko awiri a njinga, atawanola pamwala n'kuwasalaza bwinobwino. Tinakhala awiri m'kanyumba kosungira maukonde, iwo akutola maso limodzilimodzi, ine ndikugwira kuti asathawe. Onse 91 anabwerera. Anati, "Uzilukira muno. Mayi salowamo, fungo la mafuta a injini limawadwalitsa mutu. Koma usandifunse chifukwa chake akuchita zimenezi."

Ndiye ndakhala wakuba pakhomo panga pomwe. Akangonyamula khasu kupita kudambo, ine ndalowa m'kanyumba. Ndikamva ndowa yagunda pachitsime, ndabisa pansi pa ukonde. Masipoko ndi owonda, maso amathinana ndipo timfundo tikutuluka tolimba kuposa toyamba tija, koma likukula.

Chimene sindikumvetsa n'chakuti, achemwali, munthu wondida angandichapire zovala? Madzi akutunga ndi iwo. Chambo chikabwera, mnofu wabwino ndi wanga, iwo amadya mutu. Akamaswali ndimamva dzina langa m'dua, pemphero lawo. Ndipo m'mawa uliwonse amandiuza kuti, "Tandionetsa mapazi." Amadina ndi chala pamwamba pa phazi, n'kuyang'anitsitsa, kenako amafunsa, "Mutu ukuwawa?" Ndikati ayi amachoka. Tsiku lililonse, ngati mankhwala. Kodi akuyembekezera kuti aone chiyani? Nthawi zina ndimaganiza za mawu anu aja.

Mvula yayamba mwamphamvu kuno.

Tina

*

Kawale, Lilongwe
21 Januwale 2024

Kwa Mayi Saida,

Moni, amayi. Ndine Eva, mkulu wake wa Tina.

Sindizungulira. Ndamva kuti mwamulanda mng'ono wanga singano zimene ndinamutumizira, ndipo mukumuopseza kuti adzafa pochira. Ndamvanso kuti tsiku ndi tsiku mumamugwiragwira mapazi n'kumamufunsa ngati wayamba kudwala. Kodi mukufuna adwale?

Mwana ameneyu ndi wamasiye koma sali yekha. Ngati wakutopetsani pakhomo panu nenani, ndibwere ndidzamutenge, adzachirire kuno kwa anthu omufuna. Ndipo dziwani kuti chikamuchitikira chilichonse, iye kapena mwanayo, ine sindidzafunsa kwina. Ndidzafunsa inu.

Mum'bwezere singano zake.

Eva Chirwa

*

Mwadzama
3 Febuluwale 2024

Alamu,

Moni. Kalata yanu inafika.

Mwina simudziwa kuti mayi sawerenga Chichewa. Mayi Zahra anawapatsira kudoko, pa anthu, ndipo mayi poganiza kuti ndi moni wochokera kwa achibale anapempha munthu wina kuti awawerengere pomwepo. Anawerenga yonse mokweza. Azimayi ogula nsomba anamva, asodzi anzanga anamva. Lero m'mudzi muno akuti mayi anga akulodza mpongozi wawo. Kumzikiti Lachisanu anthu amandipatsa moni akuyang'ana kumbali.

Mayi sanalire, sanatukwane. Anapinda kalatayo n'kuimanga pansonga ya chitenje, ndipo ikadali pomwepo.

Alamu, ndimakulemekezani chifukwa munandilerera mkazi. Koma m'nyumba muno munachitika zinthu inu musanatidziwe, ndipo mayi analetsa kuti zisamanenedwe. Ine ndili pakati ngati bwato la pa mafunde awiri. Mkazi wanga ndinam'patsa masipoko, mayi anga ndikuwanamiza, tsopano inu mwandithira mchenga m'maso.

Musandiimbire foni kaye. Sindingathe kuyankha mwaulemu.

Latifu

*

Mwadzama
15 Febuluwale 2024

Achemwali,

Moni. Sindikukudzudzulani, ndikudziwa munalemba chifukwa chondikonda, koma pakhomo pano pazizira. A Latifu amangolankhula zofunika zokha. Apongozi akugwirabe ntchito zonse, koma mawu awo kwa ine ndi aja okhaokha, mapazi ndi mutu.

Bulangete latsala pang'ono, ndili pa mpukutu wachisanu. Ndikuchedwa chifukwa zala zatupa, masipoko akumandipulumuka. Mphete a Latifu anachita kuidula ndi pulayala. Mapazi nawo atupa, patapata salowa. Akuti miyezi isanu ndi iwiri zimatero. Mutu ukumandiwawa pamphumi, ndipo ndikayang'anitsitsa timfundo ndimaona tiwiritiwiri, nthawi zina tinthu tong'anima ngati ziphaniphani, dzuwa lili pamutu. Ndikuona ndi mdima wa m'kanyumba muja. Sikelo ya mwezi watha ndinaphonya, mtsinje unadzaza.

Dzulo apongozi atadina phazi, chala chinasiya dzenje losabwerera. Nkhope yawo inasintha. Anati, "Mutu?" Ndinati ayi, ndinanama. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kuti, "Ukulukabe." Sanafunse, anangonena. Kenako anati, "Longedza. Mawa tipite kuchipatala cha ku boma, ukadikirire komweko."

Ndinati, "Amayi, kwatsala miyezi iwiri."

Anati, "Ndanena longedza."

Ndinakana. Koyamba chikwatiwire ndinawayankha mokweza. Ndinati, "Ngati mwatopa nane nenani, achemwali anga anati adzanditenga." Anagwira chitseko ngati ndawamenya. A Latifu atabwera anawauza kuti anditengere kuchipatala ngakhale mondimanga, koma ine ndinalira, ndipo a Latifu anati tidikire sikelo ya pa 28.

Mwina munkanena zoona. Mwina akufuna ndichoke pakhomo anthu asiye kuwanena, kapena kuti ndisamalize bulangeteli. Ndimaliza. Sabata ziwiri zokha. Mundilembere mmene amatsekera mzere womaliza, simunandiuze.

Tina

*

Salima, padepoti
2 Malichi 2024

Tina, mng'ono wanga,

Kalata yako ya pa 15 ndailandira dzana. Mayi Zahra anatsekeredwa ndi madzi sabata ziwiri, msewu unaduka.

Ndinaiwerenga ndili pakhomo, ndikuseka za mphete. A Sharifa oyandikana nawo nyumba, amene ndi anamwino, anandifunsa choseketsa, ndinawawerengera. Sanaseke. Anandilanda pepala n'kuwerenganso okha. Anati kutupa manja, mutu wa pamphumi ndi kuona zong'anima ndi matenda a kuthamanga kwa magazi kwa amayi apakati, ndipo amapha mayi ndi mwana tsiku limodzi. Anati, "Apongozi akewo akudziwa chimene akuyang'ana. Amayenera kupita tsiku lomwelo."

Tina, pita kuchipatala. Usadikire sikelo, usadikire ine, usadikire bulangete. Litaye m'nyanja ngati n'kotheka. Uwamvere Mayi Saida chilichonse anene.

Foni ya a Latifu sikupezeka, ndaimba mpaka batire kutha. Ndinakwera minibasi dzulo m'mawa, koma atibweza panjira, madzi ayambanso kudutsa pamwamba pa msewu ndipo sakulola munthu kuoloka. Kalatayi ndikupatsira bambo wina wa boti amene akuti adutsa kwanuko. Sindikudziwa ngati ifike, sindikudziwa ngati ikupeze.

Mawu amene unawayankha nawo apongozi ako aja ndi anga, ndinakuika ine m'kamwa. Ngati pali wowerenga kalatayi amene si Tina, chonde awauze Mayi Saida kuti Eva wagwada. Ndinawanamizira pagulu chinthu chimene sindinachidziwe.

Ambuye, ndisungireni mwanayu.

Eva

*

Chipatala cha ku boma, Nkhotakota
7 Malichi 2024

Assalamu alaikum, mwana wanga Eva.

Ndine Saida, mayi wake wa Latifu. Akundilembera ndi Aziza, mwana wa mchimwene wanga, ndipo ndamuuza alembe monga ndikunenera, asakometse.

Latifu adakuimbirani dzana magetsi atabwera, mwamva kuti onse awiri ali moyo. Alhamdulillah. Zotsalazi foni singazinyamule.

Ndidali ndi mwana wamkazi mmodzi, Fauzia, mlongo wake wa Latifu. Adakwatiwa ku Dwambazi. Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo adali ndi pathupi poyamba. Nditapita kukamuona ndidamupeza atatupa mapazi ndi manja, akudandaula mutu. Ndidamuuza kuti zimatero, inenso ndidatupa. Ndidagona masiku awiri n'kubwerera kukakolola mpunga. Sabata isanathe adagwa pabwalo, akuphupha ngati wakhunyu. Adamwalirira pangolo, mwana ali m'mimba. Posambitsa maliro, m'dengu lake tidapezamo kachipewa ka mwana kamene ankaluka, kodzaza timfundo. Azimayi adati, "Si izi, adadzimanga yekha." Ine ndidagwira mawu amenewo ndi manja awiri. Ndidaletsa dzina lake pakhomo panga chifukwa sindinkatha kulimva.

Ndiye tsiku lija nditaona Tina pansi pa mango ndi ulusi, sindidaone Tina.

Mudalemba kuti sindidamufune. Paukwati ndidakhala chete, n'zoona. Adavala mpango wobiriwira ngati umene Fauzia adavala pa nikaha, ukwati wake. Za tchalitchi chakezo ndi za iye ndi Mulungu wake, ine sindidamufunsepo.

Lachiwiri pa 27, dzuwa litangokwera, ndidanyamula khasu koma pamtsinje ndidabwerera, mtima udakana. Ndidaitana, zii. Ndidalowa m'kanyumba ka maukonde. Ndinkadziwa kale kuti amalukira mmenemo, ndine mayi wake wa Latifu, bodza lake ndimaliona asanatsegule pakamwa. Ndidamupeza Tina ali pansi, akuphupha, thovu kukamwa, masipoko ali m'manja.

Ndidakuwa. Latifu adali kudoko, sadalowe m'madzi chifukwa cha mphepo. Msewu udali woduka, ndiye tidamunyamulira m'boti. Anthu omwe ankandinena aja ndi amene adatithandiza kukankha. Mafunde adali oipa, madzi akulowa, Latifu ali pa injini akulira mokweza ngati si mwamuna. Mutu wa Tina udali pamiyendo panga. Bulangete lidabwera nafe chifukwa ulusi udamukola padzanja.

Tsono mverani, chifukwa ichi ndidachita ine ndipo sindibisa. Ndidasolola masipoko n'kuyamba kukoka ulusi. Mzere ndi mzere, ndikuchita dua, ndikutchula dzina la Tina ndi la Fauzia. Adanena zoona mwana uja, ukakoka zimamasuka zonse. Pofika ku boma padalibe bulangete, ulusi wokhawokha wonyowa utadzaza m'boti. Ntchito yake ya miyezi itatu.

Kuno adatilandira mothamanga. Adamubaya jakisoni, kuphupha kudaleka, masana omwewo adamuchita opaleshoni. Mwana ndi wamkazi, kilo imodzi ndi theka. Adalira ngati kamphaka.

Tsiku lachitatu ndidamuimitsa dokotala pakhonde, mtsikana wamng'ono ngati Aziza yemweyu. Ndidamufunsa za mfundo. Sadandiseke. Adati si ulusi, ndi magazi amene adathamanga kwambiri, ndipo zizindikiro zake ndi zomwe ndinkayang'anazo. Ndiye ndidamuuza za Fauzia, koyamba kuuza mlendo. Ndidati, "Akadafika kuchipatala tsiku limene ndidamuona atatupa, akadakhala moyo?" Adati, "Mwina, amayi."

Mwana wanga, kalata yanu ija idandipweteka, koma "mwina" ameneyu waposa. Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikuda kachipewa, chonsecho amene adati "zimatero" n'kupita kukakolola mpunga ndine. Usiku ndi usana ndikupempha subira, mtima wopirira. Za mfundozo sindikudziwanso. Ine ndidamasula, iwo adabaya jakisoni, Allah ndiye akudziwa. Koma mukadandibwezera m'boti muja lero, ndikadamasulanso.

Tina atatsitsimuka adafunsa mwana, tidamuonetsa. Kenako adafunsa bulangete. Ulusi ndidali nditauchapa, kuuyanika pa waya wa kumalo ogona osamalira odwala, n'kuukulunga mipira isanu. Ndidamuikira pabedi. Adauyang'ana, adayang'ana ine, n'kutembenukira kukhoma. Masiku awiri sadandilankhule.

Mwanayu akuti azikhala pachifuwa pa munthu, khungu ndi khungu, atamangidwa ndi chitenje, kuti asazizidwe. Bala la Tina likadali laliwisi, satha kumusunga nthawi yaitali, ndiye nthawi yambiri ali pachifuwa panga. Pamene ndikulankhula pano ali pomwepa, ndikumva kupuma kwake. Anamwino akuti pofunika kachipewa, timasokosi ndi chofunda chotentha tisanatuluke, chifukwa kukubwera mwera. Manja a Tina akunjenjemera. Ine kuluka sindidziwa, ndimadziwa mphasa basi.

Akuti msewu autsegula Loweruka. Bwerani. Mudalera Tina, ndiye ngakhale muli mwana kwa ine, ndinu asewere anga, ndipo mudzagona pamkeka wanga. Mudzandionetse poyambira. Mubweretse singano zina. Zanu zija musazifunse, ndidaziponya m'nyanja kuseri kwa bango, ndipo ndidaponya patali.

Wassalam,
Saida

Achemwali, ndine Tina, ndalanda cholembera kwa Aziza. Pepani zilembo zikuvina.

Kalata yanu ya ku Salima yafika dzulo, inazungulira kumudzi. Ndinawawerengera ndekha apongozi, yonse, mpaka pamene munati mwagwada. Anamasula mfundo ya pachitenje, anatulutsa kalata yanu yoyamba ija n'kundipatsa kuti ndikataye kudzala. Kenako anaitanitsa Aziza ndi pepala.

Za Fauzia ndazimva lero pamodzi ndi inu, ndili chigonere pabedi pano, iwo akuuza Aziza. A Latifu anatuluka panja.

Za bulangete mtima ukundiwawabe, sindinama. Linatsala mizere makumi awiri okha. Ndikaona mipira ija, ulusi wake uli wopotanapotana, misozi imabwera yokha, ndipo sindinawauze kuti ndawakhululukira chifukwa sindikudziwa ngati ndatero. Koma kamwanaka ndikakatenga kamalira, akakabwezera pachifuwa pawo kamagona. Kuyambira Lachiwiri lija sanagonepo chogona, amangotsamira khoma.

Fulumirani, mudzawalandire. Ine ndawauza kuti apume, sakundimvera.